Malangizo kwa Makolo: Kuteteza Mwana wa Down Syndrome ku Kunenepa Kopitirira Muyezo

Mwana wa Down syndrome amabadwa ndi makromozomu atatu a nambala 21 m'malo mwa awiri. Minofu yake imakhala yofooka, msinkhu wake waufupi, ndipo thupi lake siligwiritsa ntchito chakudya msanga ngati la anzake. Mitanda iwiri ya nsima imene mnzake amaithera ku masewera, kwa iye imasanduka mafuta. Anthu akaona mwana wojintcha amati akudya bwino, koma kunenepa kopitirira kumabweretsa matenda a shuga, kumapweteka mawondo ndiponso kumalemetsa mtima. Kumbukirani kuti pafupifupi theka la anawa amabadwa kale ndi vuto la mtima.

1. Wakhanda musamumane. Ambiri amavutika kuyamwa ndipo amachedwa kukwera sikelo. Muyamwitseni mwakathithi miyezi 6 yoyamba. Vuto la kunenepa limadza akamasinkhuka.

2. Musadumphe sikelo. Ngakhale atapitirira zaka 5, mpimitseni kulemera ndi msinkhu, ndipo zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Sikelo ikamakwera mofulumira pomwe msinkhu uli pomwepo, kambiranani ndi mlangizi wa zaumoyo.

3. Pemphani kuti ayezedwe chithokomiro chaka chilichonse. Mwa ana ambiri otere chimagwira ntchito mofooka, ndipo mwana amanenepa, amangogona, amadzimbidwa komanso kumva kuzizira. Dokotala akapeza vutoli, mankhwala alipo.

4. Mpatseni mbale yakeyake. Podyera pamodzi simungadziwe kuti wadya zochuluka bwanji. Theka la mbaleyo likhale ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso kapena mpiru. Mbali yotsala ikhale nsima ya mgaiwa ndi nyemba, usipa kapena dzira. Mafuta ophikira thirani pang'ono. Popeza minofu ya m'kamwa ndi yofooka, amakonda kumeza asanatafune, choncho khalani naye pafupi, muzimuduladulira chakudya, adye mosathamanga. Akafuna zina, onjezerani masamba.

5. Ludzu lithe ndi madzi. Sobo, zakumwa za m'mabotolo, mafirizesi, mandasi, tchipisi ndi mabisiketi zikhale za apo ndi apo. Njala ya masana ithetseni ndi papaya, gwafa, nthochi kapena mango.

6. Chakudya chisakhale chomutonthozera kapena mphoto. Akachita bwino, muwombereni m'manja, muyimbireni, sewerani naye. Lamuloli alidziwenso agogo, azakhali ndi aphunzitsi, chifukwa wachifundo mmodzi womupatsa chitumbuwa mobisa amagwetsa ntchito ya banja lonse. Abale akenso adye zomwezo, asadzione ngati akulangidwa.

7. Azisewera ola limodzi tsiku lililonse, monga bungwe la WHO limalangizira kwa ana a zaka 5 mpaka 17. Olalo mutha kuligawa m'zigawo za mphindi 15: kuvina, mpira, fulaye, kusesa pabwalo, kuthirira mbewu, kuperekeza amayi kumjigo. Musamutsekere m'nyumba pa TV poopa maso a anthu. Ngati ali ndi vuto la mtima, yambani mwafunsa dokotala. Masewera ogudubuzika ndi mutu adikire kaye achipatala aone khosi lake, pakuti ena mafupa a m'khosi mwawo ndi ogwedera.

8. Mvetserani akagona. Kuliza mkonono kwambiri ndi kubanika m'tulo n'kofala mwa anawa, ndipo kunenepa kumakukulitsa. Mukaona zimenezi, kanenani kuchipatala.

Musasinthe zonse tsiku limodzi, chifukwa anawa amagwiritsitsa chizolowezi. Sabata ino yambani ndi ziwiri: mbale yakeyake ndi madzi m'malo mwa zotsekemera. Akazizolowera, onjezerani china.