Malangizo: Kukonza Windows Popanda Kutaya Mafayilo

 Lero tikambe za kompyuta.

Magetsi akazima mwadzidzidzi kompyuta ikugwira ntchito, mafayilo ena a Windows amatha kuwonongeka. Kenako kompyuta imayamba kuchedwa, kuima, kapena kuonetsa chinsalu cha buluu. Ambiri amathamangira kufufuta zonse. Dekhani kaye. Ngati kompyuta ikuyakabe, mungathe kuika Windows yatsopano pamwamba pa yowonongekayo.

Choyamba, koperani zithunzi, zikalata ndi mamakisi a ana asukulu pa fulashi. Kusamala sikulakwa.

Chachiwiri, pezani fulashi ina yopanda kanthu ya 8 GB. Ikanimo Windows pogwiritsa ntchito Media Creation Tool ya Microsoft. Chinenero ndi mtundu wake, Home kapena Pro, zifanane ndi zomwe zili mukompyuta yanu.

Chachitatu, ndipo apa mvetserani bwino: musayatsire kompyuta kuchokera pa fulashi. Yatsani monga mwa masiku onse, tsegulani fulashiyo, dinani setup.exe, ndipo sankhani mawu akuti Keep personal files and apps. Mukatero, mafayilo ndi mapulogalamu anu satayika.

Ntchitoyi imatenga ola kapena kuposerapo, ndipo kompyuta imazima ndi kuyaka yokha kangapo. Choncho tchajani laputopu mokwanira kapena lumikizani ku batire la sola, ndipo musaizimitse pakati.

Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandizira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ngati kompyuta yanu ingakwanitse, ikani Windows 11.