Phunziro 18: Geji Yoyezera Mpweya wa M'matayala

Kuno ku Sanjala ambiri a ife tilibe galimoto, koma tonse timakwera. Mbatata ndi nyemba zathu zimapita ku Cuamba pa lole. Ana athu amatsikira ku Metangula pa chapa. Chimene chimasenza katundu yenseyu, ndi ife tomwe, ndi mpweya wa m'matayala.

Mpweya suoneka ndi maso. Kumenya tayala ndi phazi si kuyeza. Choyezera chake ndi geji, imene pa Chipwitikizi timati manómetro. Geji ina imafanana ndi cholembera, ina ili ndi muvi ngati wotchi, ina ndi ya batire. Miyeso yake ndi bar ndi psi. Bar 1 ndi psi 14.5. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimafuna mpweya wa pakati pa bar 2.0 ndi 2.5.

Koma anzathu, geji nayonso imanama, monga imanamira sikelo ya pamsika. Geji ikagwa pansi, tizitsulo ta m'kati mwake timapindika. Fumbi la m'chilimwe limalowa pakamwa pake. Geji ya papampu, imene imagwidwa ndi anthu ambiri tsiku lonse, ndiyo imatopa msanga. Choipa n'chakuti geji yoonongeka sikhala chete. Imaperekabe nambala, ndipo munthu amakhulupirira.

Nanga tingaigwire bwanji bodza? Choyamba tione muvi tisanayeze: ukhale pa 0. Kenaka tiyeze tayala limodzi katatu. Geji yabwino imanena nambala imodzimodzi. Tikamva mpweya ukuti fwii, ndiye kuti sitinakanikize bwino pa valuvu, tiyambirenso. Tikatero tibwereke geji ya mnzathu, tiyeze tayala lomwelo. Zikasiyana kupitirira bar 0.1, imodzi ikunama. Tifune yachitatu. Ziwiri zimene zagwirizana ndizo tizikhulupirire, monga timachitira ndi mboni pabwalo.

Nthawi zina geji ilibe mlandu. Mpweya ukatentha umafufuma, ukazizira umanyala. Mzinda wathu wa Lichinga uli pamtunda wa mamita opitirira 1,300, ndipo tonse tikudziwa chisanu cha mu Juni ndi Julayi. Kutentha kukatsika ndi madigiri 10, geji imatsika ndi bar 0.1 kapena pafupifupi. Tayala likayenda ulendo wautali, nambala imakwera ndi bar 0.2 kapena 0.3. Choncho dalaivala amene wafika ku Mandimba masana, napeza nambala yakwera, asatulutse mpweya. Nthawi yoyeza ndi m'mawa, galimoto isanayende.

Tayala lochepa mpweya limatentha, limadyetsa mafuta, ndipo likhoza kuphulika galimoto itadzaza anthu. Lochuluka mpweya limatha pakati, ndipo siligwira bwino msewu. Nambala yoyenera imalembedwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto. Nambala ya patayala ndi malire osapitirira, si yopopera masiku onse. Apa munthu wodziwa kuwerenga sapusitsidwa.

Tiwerenge mokweza: geji, mpweya, tayala, valuvu, muvi.

Tilembe m'makope:

Pachitseko palembedwa 2.2. Geji ikunena 1.8. Papereweranji?

Geji zitatu zanena 2.0, 2.0 ndi 2.4 pa tayala limodzi. Tisiye iti?