Ophunzira udokotala akuti chiyani za AI?

Mu 2016, katswiri wa makompyuta wa ku Toronto m'dziko la Canada, Geoffrey Hinton, ananena kuti masukulu aleke kuphunzitsa madokotala owerenga zithunzi za X-ray, chifukwa pakutha zaka zisanu makina adzakhala akuwerenga bwino kuposa munthu. Makina amene ankanenawo ndi omwe timawatcha AI: pulogalamu ya kompyuta imene yaonetsedwa zithunzi zikwizikwi, zina za mapapo abwino, zina za mapapo odwala, mpaka yazolowera kusiyanitsa yokha.

Mawu amenewa anawafika ophunzira udokotala. Kafukufuku wina yemwe anatuluka mu 2020 anafunsa ophunzira 484 a m'masukulu 19 a zachipatala ku Britain. Mwa 100 alionse, 88 anati AI idzakhala yofunika kwambiri m'zipatala, ndipo 78 anati aziphunzitsidwa za AI m'kalasi. Koma 49 anati chifukwa cha AI yomweyo mtima wofuna ntchito yowerenga zithunzi wawachepa. Ku Germany, ophunzira 263 omwe anafunsidwa m'kafukufuku wa 2019 anali olimba mtima pang'ono: ambiri anavomera kuti makina angathe kuona chovuta pa chithunzi, koma anakana zoti angalowe m'malo mwa dokotala.

Ife chimene tikufuna muchione m'kafukufuku wa ku Britain ndi nambala yaing'ono iyi. Mwa ophunzira 484 aja, 45 okha ndi amene anali ataphunzitsidwapo za AI, ndipo iwowa anali omasuka kuposa anzawo kuganizira ntchito yowerenga zithunzi. Tikuona kuti mantha ambiri anali mwa amene anangomva mbiri ya makinawo osawadziwa. Kusankha ntchito ya moyo wonse potengera mphekesera n'kudzimana, makamaka poti zaka zisanu za Hinton zinakwana kalekale koma madokotala owerenga zithunzi akuphunzitsidwabe ndipo akusowabe.

Nkhaniyi si yakutali. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti makina otere azigwiritsidwa ntchito pofufuza chifuwa chachikulu mwa anthu a zaka 15 kupita m'mwamba, ndipo pulogalamu yotchedwa CAD4TB inayesedwa pa chipatala cha Bangwe mu Blantyre. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Munthu amajambulidwa m'chifuwa, makina n'kupereka nambala. Nambala ikakwera, munthuyo amapemphedwa makhololo kuti akayezedwe. Makinawo sanena kuti uyu ali ndi TB. Chipsera chakale m'mapapo chingathenso kukweza nambala, choncho pamafunikabe wachipatala wodziwa kufunsa wodwala kuti chifuwa chinayamba liti, thupi likutsika kapena ayi, anamwapo mankhwala a TB kale kapena ayi.

Kenako kunabwera ChatGPT mu November 2022. Patangopita masabata ochepa, ofufuza anaipatsa mafunso a mayeso a udokotala a ku America otchedwa USMLE, ndipo inafika pafupi ndi mlingo wokhozera, womwe ndi cha m'ma 60 pa 100. Zinadabwitsa anthu, komabe taganizani: mayankho pafupifupi anayi mwa khumi alionse sanali olondola, ndipo makinawa akamalakwitsa amayankha mosadodoma ngati mmene amayankhira akamalondola. Amene angagwire cholakwikacho ndi yekhayo amene anawerenga buku.

Makolo, mwana akanena kuti akufuna kukalowa ku Kamuzu University of Health Sciences, musamubweze poganiza kuti ntchitoyo yatengedwa ndi makina. Mufunseni za mmene akukhozera Biology, Chemistry, Physics ndi masamu.

Inu a Fomu 3 ndi 4, yesani izi sabata ino. Tengani funso limodzi la Biology pa pepala lakale la MSCE, muyankhe nokha kaye m'kope. Kenako, ngati kunyumba kuli foni ndipo makolo alola, funsani ChatGPT funso lomwelo. Ikani mayankho awiriwo pambali pa buku lanu, muwachonge onse ndi cholembera chofiira, ndipo mubwere nawo kwa aphunzitsi a sayansi.