Mng'oma wamatabwa: phindu lagona pa mamilimita 32

Uchi ndi katundu wosaola msanga pa benchi ngati tomato kapena nsomba, ndipo ogula amaufuna chaka chonse. Wamalonda amene ali ndi ming'oma yakeyake sadikira kukapikula kwa ena, ndipo kalipentala wodziwa kukhoma ming'oma amakhala ndi katundu wina woonjezera pa zitseko ndi mipando. Koma mng'oma ukakhomedwa ngati bokosi la zovala, mosasamala miyezo, njuchi zimatha kulowamo ndithu, kenako mwini wake n'kulephera kufula uchi popanda kuphwanya zisa. Ndalama ya matabwa imakhala yalowa m'madzi.

Mng'oma wosavuta kukhoma pamanja ndi wa Kenya Top Bar, umene unayamba kufala ku Kenya m'zaka za m'ma 1970 mothandizana ndi akatswiri a University of Guelph ya ku Canada. Maonekedwe ake ali ngati bwato lalifupi, lotambalala kumwamba ndi lopanikiza pansi. Pamwamba pake pamayalidwa timatabwa tating'ono mondondozana, ndipo njuchi zimamanga chisa chimodzi pa kathabwa kalikonse. Mlimi amanyamula kathabwa kamodzi, kuona chisa, n'kubwezeretsa osasokoneza zina. Mng'oma wa khungwa supereka mwayi umenewu, komanso mtengo wosendedwa khungwa mozungulira umauma.

Zofunika kukhala nazo

Zipangizo zake ndi za masiku onse: sowo, hamala, puleni, tepi yoyezera, chobowolera, misomali ya mainchesi 2, chidutswa cha lata ndi waya wolimba. Matabwa akhale okhuthala masentimita 2. A malaina, a paini kapena a sindireya amagwira bwino ntchitoyi chifukwa ndi opepuka ndiponso osavuta kupala.

Matabwawo akhale ouma kwenikweni. Thabwa laliwisi limafota likamauma, motero muyezo wolondola lero umaperewera pakatha miyezi iwiri, ndipo mipata imatseguka yolowera nyerere. Matabwa onyikidwa m'mankhwala ophera chiswe asagwiritsidwe ntchito, chifukwa mankhwalawo amathamangitsa kapena kupha njuchi ndipo amaipitsa uchi.

Kudula ndi kukhoma thunthu

Kalipentala ayambe ndi matabwa awiri otseka kumapeto. Lililonse likhale masentimita 44 kumwamba, masentimita 19 pansi, ndi masentimita 28 kuchoka pansi kufika pamwamba. Awiriwa afanane ndendende, choncho ndi bwino kudula limodzi n'kulembera linalo pa loyambalo.

Matabwa a m'mbali akhale masentimita 90 m'litali ndi pafupifupi masentimita 31 m'lifupi. Ngati thabwa lotambalala chotero silikupezeka, alumikize awiri mosasiya mpata. Akhomere matabwa a m'mbaliwa m'mphepete mwa awiri oyamba aja, kenako atseke pansi. Milomo yapamwamba aipale ndi puleni kuti ikhale yosalala ndi yofanana, poti ndi pamene timatabwa tija tidzagone.

Kupendekeka kwa makomawa kuli ndi chifukwa chake. Chisa cha njuchi mwachibadwa chimatambalala kumwamba n'kumachepa chakumunsi. Makoma akatsata maonekedwe amenewa, njuchi sizimatirira kwambiri zisa kukhoma, ndipo chisa chimatuluka chathunthu pochinyamula.

Khomo la njuchi likhale timabowo 6 mpaka 8, kalikonse ka mamilimita 8, chakumunsi kwa thabwa limodzi la kumapeto. Bowo lalikulu kuposa pamenepa limalowetsa zikumbu, abuluzi ndi mbewa.

Muyezo wosayenera kuphonya

Timatabwa tapamwamba ndiye mtima wa ntchito yonse. Kalikonse katalike masentimita 48, ndipo m'lifupi kakhale mamilimita 32, omwe ndi masentimita 3.2. Njuchi za kuno ku Africa zimamanga zisa motalikirana chomwecho kuchoka pakati pa chisa china kufika pakati pa chinzake. Njuchi za ku Ulaya ndi zokulirapo ndipo zimafuna mamilimita 35, n'chifukwa chake miyezo ya m'mabuku ena akunja imasocheretsa.

Kathabwa kakachepa kapena kukula, chisa choyamba chikhoza kukhala pamalo pake, koma kulakwikako kumaunjikana. Kuphonya ndi mamilimita 2 okha pa kathabwa kalikonse kumafika mamilimita 16 pa kathabwa ka nambala 8, ndiye kuti theka la kathabwa. Apa chisa chimagwira timatabwa tiwiri nthawi imodzi, ndipo ponyamula chimang'ambika, uchi n'kutayika, njuchi n'kulusa.

Njira yosavuta ndi kusema kampata ka mamilimita 32 pa chidutswa cha thabwa lolimba, n'kumapititsamo kathabwa kalikonse kuchoka nsonga ina kufika inzake. Kokana kulowa kapalidwenso, kogwedera kaikidwe pambali. Mng'oma wa masentimita 90 umadya timatabwa 28, pakuti 28 kuchulukitsa ndi 3.2 ndi masentimita 89.6. Timatabwati tigundane bwinobwino kuti tikhale ngati denga losalowa kuwala.

Kunsi kwa kathabwa kalikonse, pakati penipeni, kalipentala acheke kamzere kosazama ndi sowo n'kuthiramo phula losungunula. Njuchi zimatsata mzere umenewu poyamba chisa, ndipo fungo la phula limakopa gulu la njuchi lofuna pokhala. Mzere ukakhota, chisa nachonso chimakhota.

Chivindikiro ndi popachika

Chivindikiro chikhale felemu yamatabwa yokhomedwa lata, yotulukira pang'ono mbali zonse kuti mvula isalowe. Pakati pa lata ndi timatabwa pakhale mpata wa mpweya, ndipo kumadera otentha ngati kuchigwa cha Shire ndi bwino kuyala udzu pamwamba, chifukwa lata likapsa ndi dzuwa zisa zimasungunuka. Penti apakidwe kunja kokha.

Mng'oma upachikidwe ndi waya pakati pa mitengo iwiri, pamthunzi, chapafupifupi mita imodzi kuchoka pansi, kutali ndi njira, sukulu ndi makola a ziweto, koma kufupi ndi madzi. Ukhale mowongoka, pakuti njuchi zimamanga zisa molunjika pansi, ndipo mng'oma ukapendekera mbali imodzi zisa zimadumpha mizere. Girisi wopaka pa waya amatchinga linthumbu ndi nyerere, pomwe mng'oma wolendewera umavuta chiuli kuugwetsa.

Kuwerengera mtengo

Wokhoma ming'oma yogulitsa alembe mtengo wa matabwa, misomali, lata, waya, phula ndi thiransipoti, aonjezere masiku a ntchito yake, kenako phindu. Timatabwa 28 tija timadya nthawi yambiri kuposa thunthu, ndiye osatiwerengera ngati zotsalira. Kudula timatabwa ta ming'oma ingapo tsiku limodzi kumachepetsa nthawi. Ming'oma yonse ikhale ya muyezo umodzi kuti mlimi athe kusamutsa chisa kuchoka mumng'oma wina kupita mumnzake. Msika wake umatentha mitengo ikamayandikira kuchita maluwa, pamene magulu a njuchi amayendayenda.

Wogula naye apite ndi tepi. Ayeze timatabwa tingapo, atiyale pamng'oma n'kuyang'ana ngati pali polowa kuwala, anunkhize matabwa ngati alibe mankhwala, ndipo anyamule kuti amve ngati ndi ouma. Mng'oma wotchipa koma wophonya muyezo umadula pa tsiku lofula.

Phindu lenileni limaonekera pa uchi wofika pamsika. Mumng'oma wolondola, mlimi amasankha zisa zomatidwa ndi phula zokhazokha, n'kusiya za ana a njuchi ndi zosakhwima. Uchi wosakhwima umakhala ndi madzi ambiri, umachita thovu ndi kusasa m'botolo, pomwe muyezo wa malonda a padziko lonse umafuna madzi osapitirira 20 peresenti. Wofuna kulowetsa uchi m'masitolo akuluakulu afunikanso chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Zisa zofinyidwa zisatayidwe, chifukwa zikasungunulidwa zimatulutsa phula lomwe opanga makandulo, polishi ndi mafuta odzola amagula, ndipo lina limatsala lothira m'timatabwa ta mng'oma wotsatira.