Mimba Yokhuta, Thupi Lanjala

M'midzi yathu ya ku Malambo, m'mbali mwa Lupande ndi Luangwa, nthawi zina tiona mwana wamng'ono amene miyendo yace yatupa, tsitsi lace lafiira, ndipo safuna kusewera ndi anzace. Amai ace adabwa nati, "Mwanayu adya phala m'mawa, nsima masana ndi madzulo, nanga adwala ciani?" Ena aganiza kuti walodzedwa. Koma nthenda imeneyi idziwika bwino, ndipo ili ndi dzina.

Amene anailongosola ndiye Cicely Williams, dotolo wamkazi amene anagwira nchito ku Gold Coast, dziko limene lero liti Ghana. Analemba za nthendayi m'caka ca 1933, ndipo mu 1935 anaidziwitsa ndi dzina lakuti kwashiorkor. Awa ndi mau a anthu a mtundu wa Ga, onena za nthenda yogwira mwana amene waleka kuyamwa cifukwa kwabadwa mng'ono wace. Dotoloyo anaona kuti ana odwalawo anali kudya phala la cimanga lokha, ndipo ena anacira atawapatsa mkaka.

Tiyenera kukumbukira kuti cakudya cili ndi nchito zitatu. Nsima ya cimanga kapena ya mapira ipatsa mphamvu. Nyemba, nshawa, nsomba, mazira ndi nyama zimanga thupi. Ndiwo zamasamba, mango, mapapaya ndi malambe ziteteza thupi ku matenda. Mwana wodya nsima yokha akhuta ndithu, koma thupi lace likhala ndi njala. Kuno kucigwa bvutoli likula cifukwa ng'ombe ndi zocepa, kotero mkaka usowa. Njobvu ziononga minda, ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zakhala zopanda kanthu.

Kodi anthu adziwa bwanji ngati cakudya ca pamudzi cikwanira? Adziwa poyesa ndi powerengera. Pakati pa 1930 ndi 1934, mai wina wa ku England, Audrey Richards, anakhala m'midzi ya Abemba kumpoto kwa dziko lino, nalemba zimene mabanja anali kudya tsiku ndi tsiku. Mnzace Elsie Widdowson, katswiri wa zakudya ku London, anawerengera mphamvu yopezeka m'zakudyazo. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1936, ndipo zinaonetsa kuti m'miyezi ya njala anthu anali kudya pang'ono, pamene ndiyo miyezi ya nchito yolemetsa ya kumunda.

Masiku amenewo akatswiri otere anali kucokera kutali. Koma mu 1966 Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa ku Lusaka, ndipo mu 1967 boma linakhazikitsa bungwe la National Food and Nutrition Commission loyang'anira kadyedwe ka anthu. Tsopano mwana wa ku Mfuwe, kwa Jumbe kapena kwa Msoro akhoza kuphunzira nzeru imeneyi m'dziko lace lomwe.

Maphunzirowa ali ngati makwerero. Atatsiriza sekondale, wophunzira alowa ku yunivesite natenga digiri yoyamba. Pamenepo aphunzira zimene ena anapeza kale. Akafuna kukwera pamwamba, ayamba digiri yaciwiri, imene iti Master's, ndipo apa nchito isintha. Iye mwini asankha funso limene palibe analiyankha bwino, monga lakuti, "Kodi ana a kwa Nsefu adya ciani nthawi ya dzinja?" Atenga sikelo napita kumidzi. Ayesa nsima ndi ndiwo zimene mwana wadya, ayesa kulemera ndi msinkhu wace, azunguliza kalamba woyesera pamkono wace. Mkono wa mwana wa miyezi 6 kufikira zaka 5 ukacepera masentimita 11.5, mwanayo ali pangozi ndipo afunika cipatala msanga. Pomaliza wophunzirayo alemba buku la zimene wapeza, ndipo aphunzitsi akulu aliyesa asanampatse digiri.

Kufufuza kotere kubala zipatso. Mu 2012 dziko la Zambia linalandira mbeu ya cimanga cofiirira ngati dzungu, cokhala ndi vitamini A, amene ateteza maso ndi kulimbitsa thupi. Akatswiri anadyetsa ana a ku Nyimba cimanga cimeneci, nayesa magazi ao. Mu 2014 analengeza kuti cinaonjezadi vitamini A m'matupi a anawo.

Komabe nchito ikali yaikulu. Kalembera wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 ali onse a m'Zambia osakwana zaka 5, ana 35 anali opinimbira. Cigwa cathu cifuna akatswiri olankhula Cikunda ndi Cinyanja, odziwa maina a ndiwo zakuthengo, amene amai angawauze zoona mosaopa. Akulu anati mmera mpoyamba. Cifukwa cace limbikirani masamu ndi sayansi lero lomwe, pakuti ndiwo makwerero oyamba.

Mafunso

1. Kodi mau akuti kwashiorkor anacokera kuti, ndipo atanthauza ciani?
2. Longosolani nchito zitatu za cakudya.
3. Kodi digiri yaciwiri isiyana bwanji ndi yoyamba?
4. Lembani zonse zimene mng'ono wanu wadya masiku atatu, ndipo muone ngati magulu onse atatu a cakudya alipo.