Zenera la Ubuntu likakana kutulukira pa Windows

Malaputopu ambiri a m'makomo mwathu kuno ku Mzimba, kuyambira pa Boma mpaka ku Embangweni, Edingeni ndi Jenda, anabwera ndi abale ochokera ku Joni. Ena RAM yake ndi 4 GB yokha. Laputopu yomweyo bambo amalemberapo makalata, ana amaonerapo mafilimu, pomwe wophunzira wa ku Mzuni amene ali pa holide akufuna Linux ya maphunziro ake. Kufufuta Windows kungabutse mkangano pakhomo, choncho amaika Ubuntu mkati mwa VirtualBox. Koma desktop yonse ya Ubuntu imalemetsa makina otere. Njira yopepuka ndi kuisiya igwire ntchito kuseri, n'kumaitana zenera la pulogalamu imodzi kudzera pa SSH kuti lionekere pa Windows. Izi ndiye amati X11 forwarding, ndipo zikavuta uthenga wake ndi uja wakuti "Can't open display".

Musathamangire kugula bandulo ya Airtel kapena TNM, pakuti makina awiriwa amalankhulana mkati mwa laputopu imodzi. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuona mwana akufufuta Ubuntu n'kukopanso ina yoposa 4 GB, pamene cholakwika chinali mzere umodzi.

Yambani ndi Windows. Payokha sitha kujambula mazenera a X11. Imafuna pulogalamu yowalandira monga VcXsrv, ndipo ikhale yotsegula musanalumikize. Laputopu ikazima, VcXsrv sidzuka yokha ngati simunaikonze kutero. Pulogalamu ya SSH yotchedwa MobaXterm imabwera ndi yakeyake. Ngati mumagwiritsa ntchito PuTTY, pitani pa Connection, SSH, X11, chongani Enable X11 forwarding, lembani localhost:0, kenako bwererani pa Session mudine Save. Ambiri amaiwala kudina pamenepa, mawa lake n'kumadabwa.

Nanga SSH yeniyeniyo ikulowa? Onetsetsani kaye kuti openssh-server ilimo mu Ubuntu. VirtualBox ikakhala pa NAT, Ubuntu imapatsidwa adiresi ya 10.0.2.15, imene Windows singaifikire mwachindunji. Tsegulani Settings, Network, Port Forwarding, muike 2222 mbali ya Windows ndi 22 mbali ya Ubuntu, ndipo muzilumikiza pa 127.0.0.1, port 2222. Ena amakonda Bridged Adapter, koma pakhomo podalira hotspot sindikulimbikitsa: mwini foni akangonyamuka kupita kumsika, kulumikizanako kumapita naye.

Mukalowa, lembani echo $DISPLAY. Yankho labwino ndi localhost:10.0. Likabwera lopanda kanthu, tsegulani /etc/ssh/sshd_config muone kuti mzere wa X11Forwarding ukuti yes, ndipo kumayambiriro kwake kulibe chizindikiro cha #. Ikani kapulogalamu ka xauth ngati kalibemo, ndi x11-apps yoyesera. Apa pafunika data pang'ono. Lembani sudo systemctl restart ssh, tulukani, n'kulowanso, chifukwa zosinthazo sizigwira pa kulumikizana kwakale. Yankho la echo $DISPLAY likabwera :0, pali wina anailemba pamanja, kawirikawiri mu fayilo ya .bashrc. Chotsani mzerewo. Nambala imeneyi imatumiza zenera ku sikirini ya Ubuntu yomwe, osati kwa inu, ndipo SSH imadziwa kudzaza DISPLAY yokha.

Pali uthenga wina wonena za "wrong authentication". Apa zenera lafika pakhomo koma kiyi sakulowa. Kiyiyo amasungidwa mu fayilo ya .Xauthority m'foda yanu, ndipo imaonongeka m'njira zingapo. Mukatsegula pulogalamu ya mazenera ndi sudo, nthawi zina fayiloyo imasanduka ya root, inu osathanso kuilemba. Lembani ls -l ~/.Xauthority, ikuonetsani mwini wake. Disiki ikadzaza, kiyi watsopano amasowa polembedwa, ndiye onani ndi df -h. Njira yachitatu ikutikhudza ife a mabatire otha. Magetsi a ESCOM akathima mwadzidzidzi xauth ili pakati pa ntchito, pamatha kutsala timafayilo .Xauthority-c ndi .Xauthority-l, ndipo polowanso imadandaula za "timeout in locking authority file". Ngati vuto si kudzaza kwa disiki, mankhwala ake ndi amodzi: sudo rm ~/.Xauthority*, mutaonetsetsa kuti mwalemba dzinalo molondola, kenako tulukani n'kulowanso. Fayiloyo imapangidwanso yokha. Batire ikayamba kuchepa, zimitsani Ubuntu ndi sudo poweroff m'malo modikira kuti laputopu ife yokha.

Poyesa, musayambe ndi Firefox. Lembani xeyes, timaso tiwiri tikaoneka pa Windows tikutsatira mouse, njira yonse ili bwino. Firefox ikakanabe, dziwani kuti kuyambira pa Ubuntu 21.10 imabwera ngati snap, ndipo siipeza yokha fayilo ya kiyi ija. Ilozereni polemba export XAUTHORITY=$HOME/.Xauthority musanaitsegule. Ngakhale itseguke, pa laputopu ya 4 GB imayenda mokwawa, choncho zofufuza pa intaneti zichitireni pa Windows pomwepo, SSH muisiyire mapulogalamu ang'onoang'ono a maphunziro.