Kuyendetsa Galimoto ndi Makutu

M'chaka cha 2011, mnyamata wa zaka 19 wa mumzinda wa Cardiff ku Wales, dzina lake Jann Mardenborough, anapambana mpikisano wotchedwa GT Academy, womwe unkakonzedwa ndi makampani a Nissan ndi Sony. Galimoto imene anayambira kupikisana nayo inalibe matayala, inalibenso injini. Inali galimoto ya m'masewera a Gran Turismo, ndipo ankaiyendetsa ali khale kuchipinda kwake. Patangopita zaka ziwiri, mu 2013, mnyamata yemweyo anali m'galimoto yeniyeni ku Le Mans, m'dziko la France, pa mpikisano wa maola 24. Iye ndi anzake awiri anakhala achitatu m'gulu lawo.

Masewera amtunduwu ali ndi mayina ambiri. Gran Turismo ndi ya ku Japan ndipo inatuluka mu 1997, iRacing ndi ya ku America ndipo inayamba mu 2008, pomwe Assetto Corsa imapangidwa ku Italy. Opanga ake amapita ku mabwalo enieni a mipikisano kukayeza msewu, kona ndi kona, bampu ndi bampu. Ngakhale bwalo la Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, limapezeka m'masewera ena otere. Max Verstappen, katswiri wa Formula 1, naye akakhala kunyumba amapikisana ndi anthu pa iRacing. Wosewera amakhala pampando, kutsogolo kuli chiwongolero ndi sikirini, kumapazi kuli popondera moto ndi mabuleki.

Chimene chimasowa ndi chimodzi. M'galimoto yeniyeni thupi lonse limamva zimene zikuchitika. Matayala akumbuyo akayamba kuterereka, dalaivala amazimva m'chiuno ndi kumsana maso asanaone kanthu. Koma mpando wa m'nyumba uli du, sugwedezeka. Uthenga umene msana ukanalandira umayenera kudzera kwina, ndipo wambiri umadzera m'makutu. N'chifukwa chake osewera odziwa amasankha mahedifoni mosamala ngati mmene amasankhira chiwongolero.

Mawu alionse ndi kunjenjemera kwa mpweya. Munthu akamenya ng'oma, chikopa chimanjenjemera, n'kukankha mpweya, mpweyawo n'kukafika m'khutu. Hedifoni ndi kang'oma kodzimenya kokha. Munthu akachotsa kansalu ka m'kati mwa chivundikiro chimodzi, amaona kachikopa kozungulira, kopyapyala kuposa pepala, kotalika mamilimita 40 kapena 50 kuchokera mbali iyi kufika mbali inayo. Kuseri kwake anamatirako kawaya ka kopa kokulungidwa kambirimbiri, ndipo kawayako kamakhala pakati pa maginito. Magetsi ochepa ochokera ku kompyuta akadutsa m'kawayako, maginito amakakankha, kenako n'kukakoka. Kachikopa kaja kamatsatira: kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo. Kakamanjenjemera pang'onopang'ono mawu amakhala a besi, kakamathamanga mawu amakhala osongoka ngati mluzu.

Kunjenjemera kumeneku amakuwerengera pa sekondi, ndipo muyeso wake amautcha hertz. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira pa 20 mpaka pafupifupi 20,000, koma munthu akamakula mawu apamwambawo amayamba kumuthawa. Injini ya masilinda anayi ikamazungulira maulendo 6,000 pa mphindi, mafuta amaphulika m'kati mwake maulendo 200 pa sekondi, ndiye khutu limamva kulira kwa hertz 200. Dalaivala akaponda moto, nambalayi imakwera, kulira kwa injini nakonso kumakwera. Wosewera wozolowera sayang'ananso nambala pa sikirini kuti asinthe giya. Amangomva, monga amachitira dalaivala wa lole pamtunda, amene amadziwa kuti injini yalemedwa asanayang'ane paliponse.

Komabe injini, ngakhale imasangalatsa, si imene ili ndi uthenga waukulu. Uthenga waukulu uli m'matayala. Tayala limene lagwira bwino msewu limangong'ung'udza chapansipansi. Likafika pafupi ndi malire a mphamvu zake pa kona, limayamba kukhula phula, kumveka ngati munthu akukoka thumba la chimanga pa simenti. Likadutsa malirewo limakuwa, ndipo pamenepo galimoto yayamba kale kuchoka m'manja. Luso lonse la mpikisano lili pakati pa kukhula ndi kukuwa. Woyendetsa amafuna kukhala pomwepo, osachepera, osapitirira. Pa mabuleki ndi chimodzimodzi: tayala likasiya kuzungulira n'kumangokhwekhwereza, limalira mwamtundu wina, ndipo phazi liyenera kumasula pang'ono nthawi yomweyo. Ichi n'chifukwa chake osewera ambiri, akangoyika masewera atsopano, amayamba ndi kutsitsa phokoso la injini n'kukweza la matayala. Mlendo akamvetsera amati galimotoyo yafooka. Mwini wake ndiye kuti akumva zonse.

Apa m'pamene ogula ambiri amaphonya. Mahedifoni ena anawapanga kuti azikometsa nyimbo zovina, ndiye besi yake ndi yogunda mpaka m'mano. M'sitolo amakoma kwambiri. Koma pa mpikisano besi yoteroyo imaphimba kukhula kwa matayala, monga chigayo chimamezera mawu a anthu ali pamzere. Hedifoni yabwino pa ntchitoyi ndi imene sikondera, yotulutsa mawu apansi, apakati ndi apamwamba mofanana.

Ntchito ina ya makutu ndi kudziwa kumene mnzako ali. Sikirini imodzi imaonetsa kutsogolo kokha, ndipo galimoto imene yafika m'mbali siioneka. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Chinthu chikalira kumanzere, mawu ake amayamba kufika khutu la kumanzere, ndipo la kumanja amalipeza mochedwa pang'ono, mochepera gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Amafikanso atachepa mphamvu, chifukwa mutu wawatchinga. Ubongo umawerengera kusiyana kumeneku n'kunena kuti chinthucho chili uku. Masewera amatengera nzeru yomweyi: amatumiza mawu osiyana pang'ono ku khutu lililonse. Mahedifoni amaposa masipika a patebulo pa mfundoyi, chifukwa mawu a khutu limodzi sasakanikirana ndi a linzake, sagundanso makoma.

Pa makatoni a mahedifoni ena amalembapo 7.1 ndi zilembo zikuluzikulu, ngati kuti m'katimo muli masipika asanu ndi atatu. Pafupifupi onse ali ndi awiri basi, imodzi khutu ili, ina khutu ilo. Zotsalazo imachita ndi pulogalamu, ndipo pulogalamu yotere ilipo kale mu Windows ndi mu PlayStation 5, yogwira ntchito ndi mahedifoni wamba.

Funso lotsatira ndi la kuseri kwa chivundikiro: kukhale kotseka kapena kotsegula? Mahedifoni otseka, monga Beyerdynamic DT 770 Pro ya ku Germany, ali ndi chigoba cholimba. Phokoso la panja sililowa kwenikweni, la m'kati silituluka. Amathandiza munthu amene amasewera usiku ena ali mtulo, kapena amene chiwongolero chake chimagogoda, monga zimachitira ziwongolero zokhala ndi magiya m'kati. Vuto lake ndi thukuta, chifukwa makutu amakhala ngati ali mumphika wovundikira. Otsegula ali ndi timabowo kuseri, ngati sefa. Kampani ya Sennheiser ndi imene inayambitsa mtunduwu mu 1968 ndi hedifoni yotchedwa HD 414. Mpweya umadutsa, makutu amapuma, ndipo mawu amamveka ngati akuchokera patali m'bwalo, osati m'kati mwa mutu. Koma amene wakhala pafupi amamva zonse, ndipo mwana akalira kuchipinda china, woyendetsa nayenso amamumva. Makolo ena amawakondera chifukwa chomwecho.

Nkhani ya waya ndiyo yofunika kuikhalira pansi. Mahedifoni a Bluetooth ndi abwino pomvera nyimbo pafoni, koma ali ndi chilema chimene pa nyimbo sichioneka. Mawu asanatumizidwe amayamba apanikizidwa, kenako amaulutsidwa, ndipo akafika amamasulidwanso. Zonsezi zimadya nthawi, kawirikawiri pakati pa magawo 100 ndi 300 mwa magawo 1,000 a sekondi. Zikuoneka zochepa. Koma galimoto yothamanga makilomita 250 pa ola imadutsa mamita 69 pa sekondi iliyonse. Mawu akachedwa ndi magawo 200, galimotoyo imakhala itayenda kale mamita pafupifupi 14, kutalika kwa magalimoto atatu ondondozana. Tayala limakuwa pa chiyambi cha kona, woyendetsa n'kumva ali kale mu udzu. Waya alibe vuto limeneli. Kwa amene waya amamukola m'manja akamakhotetsa chiwongolero, alipo mahedifoni opanda waya okhala ndi kachipangizo kawokawo kolowetsa pa USB. Amenewa amachedwa pang'ono kwambiri moti anthu ambiri sazindikira. Makina a PlayStation 5 salola n'komwe kulumikiza mahedifoni wamba a Bluetooth mwachindunji.

Pa katoni pamakhalanso nambala ya ohm, yosonyeza kuuma kwa hedifoni pokoka magetsi. Ya ohm 32 imalira bwino ngakhale poilumikiza pa kompyuta wamba. Ya ohm 250 imafuna ampulifaya, apo ayi imangonong'ona. DT 770 Pro ija imagulitsidwa ya 32, ya 80 ndi ya 250, ndipo maonekedwe ake ndi ofanana ndithu, kupatula tinthu tochepa, choncho wogula wosawerenga akhoza kubwera ndi yolakwika. Maikolofoni ndi yofunika kwa okhawo opikisana m'timu, amene amasinthana galimoto pa mipikisano ya maola ambiri. Palinso mapulogalamu monga Crew Chief, amene amayankhula m'khutu mwa woyendetsa, kumuuza kuti kumanzere kwalowa galimoto kapena kuti mafuta atsala ochepa.

Kulemera kwa hedifoni sikumveka pa mphindi zisanu za m'sitolo. Kumamveka pa ola lachiwiri, pamene chapamutu chayamba kuboola liwombo, ndipo kwa wovala magalasi, timiyendo ta magalasiwo tadinda kuseri kwa makutu. Zivundikiro zansalu yofewa sizitentha kwambiri ngati zachikopa chopanga, zomwenso pakapita nthawi zimasupuka n'kumasiya tizidutswa takuda m'tsitsi. Ndi bwino kusankha hedifoni imene zivundikiro zake zimachoka, kuti zikatha munthu agule zokhazo.

Ena safuna kuti msana ukhale osagwira ntchito. Amagula kachipangizo kolemera, kofanana ndi sipika yopanda chikopa, n'kukamanga ndi mabawuti pansi pa mpando. Kotchuka kwambiri ndi ButtKicker. M'kati mwake muli chitsulo chimene maginito amachikankha n'kuchikoka, ndiye m'malo mogwedeza mpweya chimagwedeza mpando. Pulogalamu yotchedwa SimHub imawerenga zimene zikuchitika m'masewera n'kutumiza kunjenjemera koyenera: giya ikalowa mpando umagunda kamodzi, tayala likakwera timizere ta m'mphepete mwa kona mpando umachita njenjenje. Ena amamanga tinayi, kamodzi ku ngodya iliyonse, kuti adziwe tayala limene laterereka. Oyandikana nawo a m'nyumba zosanja ndi amene amadandaula, chifukwa kunjenjemerako kumatsika ndi miyendo ya mpando n'kulowa pansi. Mankhwala ake ndi kuyika labala wokhuthala pansi pa miyendoyo.

Makutu nawo amafunika kuwateteza. Mphamvu ya phokoso amaiyeza m'madesibelo. Anthu akamacheza bwinobwino amakhala pa madesibelo 60. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvetsera phokoso la madesibelo 80, ndipo likafika pa 90, maolawo amatsika kufika pa anayi okha. M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tiubweya, tomwe timasandutsa kunjenjemera kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tikafa sitimeranso. Injini ya mpikisano imalira mosalekeza kuyambira poyambira mpaka pomaliza, ndipo khutu likazolowera, dzanja limafuna kukwezabe. Munthu akavula mahedifoni n'kumva kulira kwa nkhululu m'makutu, kapena mawu a anzake n'kumamveka ngati akuchokera m'madzi, ndiye kuti voliyumu inapitirira.

Pali njira yosavuta yoyesera hedifoni yatsopano kunyumba. Woyendetsa amasankha bwalo limene amalidziwa, n'kutsitsa injini kufika pa theka, matayala n'kuwasiya pamwamba. Kenako amalowa kona imodzi yomweyo kasanu, ulendo uliwonse akuwonjezera liwiro pang'ono. Ulendo woyamba matayala amangong'ung'udza. Pofika wachitatu kapena wachinayi, kukhula kuja kuyenera kumveka patokha, injini ili mbali yake, ndipo khutu liyenera kudziwa ngati ndi matayala akutsogolo kapena akumbuyo amene ayamba. Ngati kuti amve zimenezi akuyenera kukweza voliyumu mpaka kumapeto, ayambe wayang'ananso mmene wasakanizira mawu m'masewerawo, ndipo zikakanikabe, hedifoniyo aisungire nyimbo.